Dzina la M'mawa, Masamu a Masana

Sukulu ya atsikana imene ili kuseri kwa msika wa nkhosa m'tauni ya Mafraq ili ndi eni ake awiri. Kuyambira m'mawa mpaka belu la masana ndi ya ana a eni dziko. Belulo likangolira, a m'mawa amatulukira pageti lalikulu, a masana n'kumalowera pakageti ka kumbali, ana a anthu amene anathawa nkhondo ku Siriya. Madesiki ndi omwewo, bolodi ndi lomwelo, ngakhale chingamu chomatidwa kunsi kwa mpando n'chomwecho. Koma musayerekeze kunena kuti ndi sukulu imodzi ahedi, Sitt Khitam, akumva.

Tahani ankaphunzitsa masamu masana, kalasi 8. Anali m'gulu la aphunzitsi oitanidwa chaka ndi chaka, aja dzina lawo limakhala ngati lalembedwa ndi pensulo. Munthu wotero amaphunzira kupereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa mlonda wa pageti, ndiponso kuseka nthabwala za ahedi zisanathe n'komwe. Kunyumba kunali amayi ake odwala shuga, ndi mlongo wake wamwamuna amene anali m'chaka chachitatu akufunafuna ntchito. Choncho Tahani ankaponda mosamala.

Matabuleti anabwera mu Seputembala. Anali makumi atatu, ochokera ku bungwe lina la ku Amman, likulu la dziko. Tsiku limenelo anapachika chinsalu chachikulu pakhoma, kunabwera wojambula zithunzi, ndipo ana anauzidwa kuti azimwetulira akuloza pagalasi. Mwana aliyense wa kalasi 8 ya m'mawa anapatsidwa tabuleti yake yolembedwa nambala kumsana, ndi nambala yachinsinsi yolowera. A masana anauzidwa kuti awo adzabwera chaka chamawa, Mulungu akalola. Ku Mafraq kuno chaka chamawacho timachidziwa bwino, takhala tikuchidikira kuyambira kale.

Kunena chilungamo, pulogalamu ya m'matabuletimo inali yanzeru. Inkamupatsa mwana samu. Akakhoza, inkamupatsa yovutirapo; akalakwa, inkamubweza m'mbuyo n'kumufotokozera pang'onopang'ono, osatopa, osakalipa. Pambali pa galasi panali makwerero, ndi kadontho kobiriwira kosonyeza pamene mwini dzina wafika. Zonse zimene mwana wachita zinkapita zokha ku kompyuta ya bungwe lija. Belu la masana likalira, matabuleti onse ankatsekeredwa m'kabati yachitsulo kumbuyo kwa kalasi, ndipo ana a Tahani ankakhala moitsamira kabatiyo akukopera masamu a pabolodi.

Kiyi ankasunga ndi Sitt Wijdan, mphunzitsi wa masamu wa m'mawa, amene anasainira katunduyo. Mayi ameneyu ndi amene anaphunzitsa Tahani ali mtsikana, ndipo mpaka pano ankamuitana kuti "mwana wanga". Tsiku lina anamupeza akukutumula cholembera cha pabolodi chimene chinali chitauma, ana makumi atatu akudikira. Anamuyang'ana kwakanthawi, kenako anamuitanira pakhonde n'kutulutsa kiyi m'chikwama, pamodzi ndi pepala la mayina ndi manambala achinsinsi.

"Ukamaliza uziwatchaja n'kuwabwezera mmene wawapezera," anatero. "Ndipo ine sindinakupatse kanthu, wamva? Kiyi ameneyu wamutola pansi."

"Ndamutola pansi, Sitt Wijdan."

Kuyambira tsiku limenelo ana a masana ankalowa ndi mayina a anzawo a m'mawa, anthu amene nkhope zawo sankazidziwa n'komwe. Wokhala pa desiki 3 ankatenga tabuleti 3, n'kukhala Lujain kwa mphindi makumi anayi. Wa pa desiki 14 ankasanduka Sadin. Anawo ankakondwera nazo, mpaka ankaitanana ndi mayina obwerekawo pa nthawi yopuma. Tahani sanaonepo cholakwika. Ankadziuza kuti masamu ndi masamu, dzina silisintha yankho.

Pa desiki 14 pankakhala Ghufran, mtsikana wamtali wa zaka khumi ndi zinayi, wa zala zodetsedwa ndi utomoni wa masamba a tomato. Banja lawo linkakhala m'matenti pamunda wina kunja kwa tauni, ndipo iye ankathyola tomato kuyambira mbandakucha, n'kubwera kusukulu atangosukusula. Akamaganiza ankatafuna nsonga ya mpango wake. Sabata yoyamba anamaliza mafulakishoni onse. Yachitatu anali atalowa kale m'masamu a zilembo amene Tahani anali asanawaphunzitse. Pofika mu Okutobala pulogalamu inayamba kumupatsa za kalasi 10. Nthawi zina Tahani ankaima kumbuyo kwake n'kumawerengera chamumtima, Ghufran n'kumupitirira, ndipo m'malo mochita manyazi Tahani ankamva kukoma kumene sanakumvepo chiyambire ntchito.

"Aphunzitsi, kodi Sadin ameneyu ndani?" anafunsa Ghufran tsiku lina. "Ine ndimamusiya pamwamba bwinobwino, mawa ndikabwera ndimupeza wagwera pansi. Ndimukweze, agwe. Ndimukweze, agwe. Kodi m'mawa sadya?"

Kalasi yonse inafa nalo phwete.

"Iwe, musiye mnzako. Sunamuonepo n'komwe."

"Ndimamudziwa, Aphunzitsi. Amathamangira kuyankha. Akaona chochotsera, iye amaphatikiza, basi wapita."

Patapita masiku, kugwa kuja kunatha. Ghufran ankapeza kadontho pomwe anakasiya dzulo. Mwini dzina uja, kaya anali ndani, anali atasiya kukhudza masamu ake.

Chakumapeto kwa Okutobala kunamveka kuti bungwe lisankha mwana mmodzi pasukulu iliyonse, amene kadontho kake kakwera kuposa onse. Mwana ameneyo adzamuthandiza zaka zitatu: maphunziro apadera Loweruka lililonse, basi yomutenga, ndi chakudya kunyumba imene akukhala. Tahani atamva, pakamwa panathamanga kuposa mutu. Anamukokera Ghufran pambali n'kumunong'oneza kuti, "Limbikira, ku Amman akukuona." Ankadziwa bwinobwino kuti ku Amman akuona Sadin. Koma ankati nthawi ikakwana adzakonza, ndi nkhani ya dzina chabe, kufufuta lina n'kulembapo lina.

Patangotha sabata, bambo ake a Ghufran, Abu Muayyad, anabwera pakageti ka kumbali. Anali bambo wowonda, atavala jekete la suti pamwamba pa zovala za kumunda, ndipo anakana kulowa m'kati poopa kudetsa pansi ndi matope.

"Aphunzitsi, pepani ndakusokonezani. Chisanu chayamba kupsereza tomato. Mwezi uno ukatha tikuzula matenti, titsikira kuchigwa, ku Ghor, kumene kuli ntchito nyengo yozizira ino."

"Nanga Ghufran?"

"Ndabwerera zomwezo. Kumeneko minda ili kutali ndi sukulu. Akulu ake awiri anasiyira momwemu. Ndili ndi mlongo wanga m'tauni muno, koma mlamu wanga ali ndi ana asanu ndi awiri m'zipinda ziwiri. Akuti munthu wina sangakwanitse kumudyetsa, pokhapokha atabwera ndi chakudya chake. Sindikumuda ayi, akunena zoona." Anakonza mpango wa kumutu, ngakhale unali utakhala bwino. "Mwanayu akuti inu mwanena kuti pali pepala likubwera. Ngati lilipodi, ndimusiya kwa azakhali ake. Ngati palibe, mundiuze poyera, ndisamusiye m'malere."

Apa ndi pamene Tahani anayenera kunena zonse. Koma bamboyo anali akumuyang'ana ndi maso odikira, ndipo Ghufran anali ataima kumbuyo kwawo akutafuna mpango.

"Lilipo, Abu Muayyad. Mundipatse mpaka Lachinayi lomaliza la mwezi uno."

"Mulungu akusungireni amayi anu," anatero bamboyo, dzanja lili pachifuwa.

Pepala linabweradi, Lamulungu, tsiku lotsegulira sabata yomaliza ya mwezi. Tahani analidziwira pa fungo. Polowa m'chipinda cha aphunzitsi anapeza thireyi yaikulu ya keke ya kunafa yotentha, manyuchi ali chuchuchu, aphunzitsi a m'mawa akunyambita zala. Anatumiza ndi bambo ake a Sadin. Mwana wawo anali atatuluka woyamba, osati pasukulu pokha koma m'chigawo chonse. Ankati Lachisanu apha nkhosa zitatu, aphika mpunga wa nyama uja amati mansaf, aitana fuko lonse. Sitt Khitam, amene anali msuweni wa amayi ake a Sadin, ankangoyendayenda ngati masamuwo akhoza ndi iwo, ndipo atamuona Tahani anamukodola.

"Idya, Tahani, idya! Uone zimene ana a m'mawa amachita. Utengekonso kapepala kamene akulungira, mwina fungo lokha liwathandiza ako aja."

Tahani anaseka. Anaseka ndithu, chizolowezi chinamusekera, ndipo anadzida.

Anakawapeza Sitt Wijdan ali okha m'kalasi, akupukuta bolodi limene linali loyera kale.

"Sitt Wijdan, inu mukudziwa."

"Ndikudziwa chiyani? Tseka chitseko." Anadikira mpaka chitseko chitatsekedwa. "Ndikudziwa kuti Sadin ukamufunsa theka kuphatikiza theka amayang'ana kudenga. Mwezi wonse wathawu amangokhala tabuleti ili pamiyendo, misozi ili mbwembwembwe, ine n'kumanamizira kuti sindikuona. Ukuyesa ndilibe maso?"

"Ndiye tiyeni tikanene. Mwana wanga uja akapita ku Ghor sadzabwereranso m'kalasi."

"Tikanene kuti chiyani? Kuti ine, amene ndinasaina kuti katunduyu sadzakhudzidwa ndi munthu wina, ndinapereka kiyi ndi manambala achinsinsi a ana a eni ake? Zanditsalira zaka ziwiri kuti ndipume, mwana wanga. Ndagwira ntchito imeneyi kuyambira usanabadwe, popanda kalata yochenjeza ngakhale imodzi. Nanga iwe? Ine andilembera kalata, iwe angokufufuta. Ndipo bambo ake a Sadin aitana kale anthu. Ukawachititsa manyazi pamaso pa fuko lawo, udzakwera basi iti m'tauni muno?"

"Ndinawalonjeza bambo ake a Ghufran."

"Unalonjeza chinthu chosakhala chako." Mawu awo anatsika. "Ndinakuchitira chifundo, Tahani. Usandibwezere chonchi."

Zonsezo zinali zoona, n'chifukwa chake zinawawa.

Lolemba Ghufran analowa m'kalasi nkhope ili yowala. Anadikira kuti anzake atanganidwe, n'kubwera pa tebulo la aphunzitsi.

"Aphunzitsi, ndamva kuti Sadin wapambana. Ndiye kuti ndine, eti?"

"Ndiwe."

"Nanga akudziwa?"

"Munthu wa bungwe akubwera mawa. Ndikonza."

Madzulo ake Tahani anawafotokozera amayi ake, akuwakonzera jakisoni. Amayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anamufunsa ngati waiwala kuti ndi Sitt Wijdan amene anakamulankhulira kwa ahedi kuti apeze ntchitoyo, ndi amene anakhala nawo masiku atatu onse a maliro a bambo ake. Za mtsikana wa m'matenti uja anangoti Mulungu ndi amene amadziwa ana ake. Tahani anabaya jakisoni, n'kukatsuka mbale zimene zinali zotsukatsuka.

Lachiwiri kunabwera munthu wa bungwe, Ustaz Nidal, bambo wa magalasi, waulemu, atanyamula laputopu. Sitt Khitam anaitana aphunzitsi a masamu onse mu ofesi, ndipo Tahani, pokhala wamng'ono, anapatsidwa ketulo kuti azithira tiyi. Sadin anamukhazika pampando pakati. Aka kanali koyamba Tahani kumuona: kamtsikana ka masaya, zikhadabo zolumaluma mpaka kufiira, maso ali pansi.

Ustaz Nidal anayamikira sukulu, anayamikira aphunzitsi, anati mwana wotere sanamuonepo chiyambire ntchitoyi. Kenako anasendeza magalasi n'kuyandikira laputopu.

"Pali kanthu kamodzi kokha kakundidabwitsa. Kompyuta imalemba nthawi imene samu iliyonse yachitidwa. Za Sadin zabwino zonsezi zachitika masana, 2 koloko, 3 koloko. M'mawa mulibe kanthu. Kodi tabuleti amapita nayo kunyumba?"

Tahani anali ataweramitsa ketulo pa kapu ya mlendoyo. Mpata umene anakhala akuufunafuna masiku atatu unali utabwera wokha. Mawu anali okonzeka pakhosi: si iyeyu, ndi Ghufran wa pa desiki 14, akubwera pompano, mupatseni samu iliyonse muone. Anadzutsa mutu. Sitt Wijdan anali akumuyang'ana, osati mokalipa, koma mmene wodwala amayang'anira dokotala amene wanyamula zotsatira.

"Amatsalira," anatero Sitt Wijdan, maso adakali pa Tahani. "M'mawa m'kalasi mumakhala phokoso. Anzake akaweruka iye amatsalira, ndimamutulutsira tabuleti yake, amakhala kumbuyo kwa kalasi ya masana. Si choncho, Tahani? Umamuona."

Onse anatembenukira kwa iye. Ngakhale Sadin anadzutsa nkhope, maso ali opempha, ndipo Tahani sanadziwe ngati akupempha kuti amubise kapena kuti amuulule.

"Ndimamuona," anatero Tahani.

Tiyi anasefukira m'kambale. Sitt Khitam anaseka n'kunena kuti aphunzitsi a masana ngakhale kapu sadziwa kuyeza. Ustaz Nidal analemba kanthu, n'kutseka laputopu.

Tahani anaika ketulo pansi n'kumutsatira mpaka pagalimoto.

"Ustaz, ndifunseko. Mwachitsanzo chabe. Patakhala mwana wa masana wodziwa masamu kwambiri, pali njira?"

"A masana sali mu ntchito ya chaka chino, achemwali. Alibe mayina m'kompyuta, ndiye ndilibe chomuyezera. Chaka chamawa, Mulungu akalola." Anatsegula chitseko cha galimoto, kenako anaima n'kumuyang'anitsitsa. Sanali munthu wopusa. "Mukudziwa, zitapezeka kuti ana ena amalowa ndi mayina a anzawo, ndiyenera kulemba lipoti. Zotsatira za sukulu yonse zingafufutidwe, mwina ndi matabuleti omwe tingawatenge. Koma mwana woteroyo, ngati alipodi, ndingakonde kumuona ndi maso anga. Sindikulonjeza kanthu. Pali chimene mukufuna kundiuza?"

Pakageti ka kumbali ana a masana anali atayamba kulowa. Ghufran anali pakati pawo, wamtali kuposa onse, ndipo ataona aphunzitsi ake akulankhula ndi munthu wa ku Amman anachedwetsa mapazi. Anali pafupi moti Tahani akanangokweza dzanja n'kumukodola.

"Ayi, Ustaz. Ndimangofunsa."

"Chabwino," anatero, n'kulowa m'galimoto.

Pambuyo pake Tahani anadziuza zambiri. Anati akanaulula, mwina Ghufran sakanapezabe kanthu, ndipo ana a m'mawa ndi a masana omwe akanataya matabuleti. Anati wapulumutsa mayi wachikulire amene anamuphunzitsa kugwira choko. Mwina zonsezo n'zoona. Koma mwini wake ankadziwa kuti pa nthawi ija, ataima pafupi ndi galimoto, sankaganiza za ana kapena za Sitt Wijdan. Ankaganiza za ntchito yake ndi za mankhwala a amayi ake, ndipo anachita mantha.

Lachitatu, pa nthawi yosinthana, anapeza Sadin akumudikira pakhonde, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

"Aphunzitsi, ndi ndani?"

"Ndani chiyani?"

"Amene amachita masamu anga." Anayang'ana pansi. "Ndinawauza bambo kuti si ine. Anangoseka, akuti ndatengera agogo kudzichepetsa. Loweruka loyamba akandiimika kutsogolo, akandipatsa samu, aliyense akaona. Ine ndikatsegula tabuleti ija sindimva ngakhale funso lake. Mumuuze... sindikudziwa. Mumuuze kuti sindinabe dala."

Tahani anamusisita paphewa n'kumuuza kuti afulumire, basi imusiya. Analibe china chomupatsa.

Lachinayi Abu Muayyad anabwera monga anapanganirana. Tahani anali atakonza mawu ambiri, za malamulo a bungwe, za kompyuta, za chaka chamawa. Bamboyo anangomuyang'ana nkhope n'kugwedeza mutu iye asanayambe n'komwe.

"Musavutike, Aphunzitsi, ndaona kale. Munayesetsa. Ife tinazolowera, mapepala satikonda. Lole ikubwera Loweruka m'mawa. Lero mulekeni amalize tsiku lake."

Akanamutukwana zikanakhala bwino.

M'kalasi munali kuzizira. Mphepo inkalowera pawindo losweka, ndipo ana anakhala osavula majekete. Sitt Wijdan anali atanena kale kuti akaweruka lero kiyi abwerere, choncho aka kanali komaliza kuti a masana atsegule kabati. Ghufran anatenga nambala 14 osayang'ana munthu. Nkhani ankaidziwa, chithunzi cha Sadin chinali chitapachikidwa pageti lalikulu, ndipo ngakhale wolowera kumbali ankachiona. Anzake atayamba ntchito, Tahani anapita n'kugwada pambali pa desiki yake.

"Ghufran, mlandu ndi wanga. Munthu wa bungwe anandifunsa, ine sindinakutchule."

"Ndinakuonani pagalimoto paja, Aphunzitsi. Ndinachedwa dala pageti. Ndimayesa mundiitana."

Ananena mosakwiya, ngati akunena za nyengo. Tahani anasowa poyang'ana. Pofuna kungoti pasakhale chete, anamuuza uthenga wa Sadin, kuti akuti sanabe dala, kuti akatsegula tabuleti samva ngakhale funso lake.

Ghufran anayatsa tabuleti. Analowetsa nambala yachinsinsi ya mnzakeyo, imene ankaidziwa pamtima. Kadontho kobiriwira kanali pamwamba penipeni pa makwerero. Samu inabwera, yaitali, ya zilembo ziwiri. Anaiyang'ana milomo ikuyenda, ndipo Tahani anaona nthawi imene yankho linamufikira, chifukwa anasiya kutafuna mpango. Kenako analemba nambala ina. Galasi linafiira. Inabwera samu ina yopepukirapo. Anaiwerengera mpaka kumapeto, n'kulembanso yolakwika. Kadontho kanatsika sitepe imodzi.

"Ukuchita chiyani?"

"Ndikumutsitsa."

"Ghufran, usatero. Miyezi itatu yathunthu imeneyi!"

"Ya ndani, Aphunzitsi?" Anakweza maso koyamba, ndipo anali ouma. "Palembedwa Sadin. Ine Loweruka ndikupita. Ndikamusiya pamwamba pano akhala yekha, kukwera sangathe, kutsika akuopa. Ndimubwezere pamene ndinamupeza, mwina ayambirepo."

Tahani sanadziwe ngati chimenechi ndi chifundo kapena ukali, ndipo anaona kuti alibenso ufulu wofunsa. Anakhala chigwadire, mawondo akuzizira pasimenti. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti mtsikanayo sankangodinadina mwachisawawa. Samu iliyonse ankaichita kaye m'mutu mpaka kuipeza, kenako n'kuitaya. Za kalasi 10 zinatha. Masamu a zilembo anatha. Pulogalamu, moleza mtima monga mwa masiku onse, inayamba kumufotokozera pang'onopang'ono zinthu zimene anazidutsa mu Seputembala, n'kumamulimbikitsa kuti asataye mtima, ayesenso. Mtsikana wa pa desiki 13 anasuzumira n'kufuna kuseka, koma ataona nkhope ya aphunzitsi anabwerera pa ntchito yake.

Belu litatsala pang'ono kulira, pagalasi panabwera samu yaing'ono ya mzere umodzi. Ghufran anaiyang'ana kwakanthawi.

"Iyi aitha yekha," anatero.

Anaisiya yosayankha. Anazimitsa tabuleti, anapukuta galasi ndi mkono wa juzi, n'kukailumikiza yekha ku chaja m'kabati. Ndiye anatenga chikwama chake, anati, "Tsalani bwino, Aphunzitsi," n'kutuluka osadikira belu.

Tahani anadzuka pang'onopang'ono atagwira desiki, miyendo itachita dzanzi. Amene anaona ndi maso zimene mutu wa mtsikana uja unkatha anali iye yekha, ndipo anali atafunsidwa kale, kawiri.